Mapu Atatu a Namwina

Madilu ankakanula timawaya tija ndi nsonga ya mpeni, kamodzikamodzi, ataluma lilime. Mapu anali atatu, aakulu ngati nsalu ya patebulo, ndipo mlongo wake anawalumikiza m'mphepete ndi timawaya ta sitepula tambirimbiri, ngati munthu woopa kuti mphepo iwalekanitsa. Pakona ya pabalaza panali pakadali mipando yobwereka ya pamaliro, yosanjikizana, eni ake asanabwere kudzaitenga.

"Tagwirani apa, bambo. Likupindika."

Bambo anagwira. Palibe anawakakamiza ayi. Anatambasula dzanja lawo lomwe, n'kupanikiza ngodya ya pepala mpaka mwana wawo wamwamuna anamaliza ntchito yake. Pepala lapamwamba Madilu analiyala bwinobwino patebulo. Awiri enawo anawakulunga mwachangu n'kuwaponya kuseri kwa kabati.

Dzina loti Madilu anamupatsa ndi anzake, poti iye ntchito yolembedwa sanaigwirepo. Yake inali yokumanitsa wogula ndi wogulitsa, kaya ndi galimoto, kaya nyumba, kaya firiji yakufa. Mlongo wake, yemwe anali atangoikidwa kumene, pakhomopo ankamutcha Namwina. Ankagwira ku ofesi ya zanyengo, koma ukamufunsa ngati mawa kugwe mvula kuti uchape mabulangete, yankho linali lomwelo: "Mwina. Ine za mawa sindiziona, ndimaona za kutsogolo kwambiri." Anthu n'kuseka, iyenso n'kuseka.

"Odi kuno!"

Anali mayi atelala a kumsewu wa kumsika, tepi yoyezera ili m'khosi ngati anabadwa nayo. Anavula nsapato pakhomo, anapepesa maliro, anakhala kunsonga kwa mpando manja ali pamaondo.

"Ndikuchita manyazi, bambo, kubwera ndi nkhani ya malo misozi isanaume. Koma eni nyumba yomwe ndikukhala akufuna yankho, nditsale kapena ndichoke. Ndiye ndati ndimve komaliza. Poloti ija ndaikonda. Makoma alipo kale, ine n'kungofolera. Koma anthu akundiopseza, akuti kumeneko ndi kumunsi, mtsinje ukadzakwiya udzalowa. Ine ndili ndi ana atatu, mwamuna ndilibe."

"Anthu!" anatero Madilu. "Anthu amenewo anayezapo chiyani, mayi? Bwerani muone. Awa ndi mapu a malemu mlongo wangayu, katswiri wa zimenezi. Chidindo cha ofesi ndi ichi. Buluu uyu ndi madzi a chigumula chachikulu, chija chobwera kamodzi pakapita zaka. Mukuona pomwe walekeza? M'mabango umu. Poloti yanu nayi, pomwe anazunguliza ndi cholembera chofiira. Youma gwa!"

Mayi atelala anawerama, chala chikutsata buluu uja.

"Nanga nambala ili pamwambayi? Wani, kadontho, faifi?"

"Ndi nambala ya pepala basi. Za m'maofesi."

Mayi aja sanamuyang'ane Madilu. Anatembenukira kwa bambo.

"Bambo, inu ndinu akulu. Achimwenewa ndi amalonda, pakamwa ndiye khasu lawo. Ine ndimve kwa inu."

Bambo anayang'ana mipando yosanjikizana ija.

"Pepalali ndi lake ndithu," anatero. "Chofiiracho ndi dzanja lake."

Panalibe liwu labodza pa mawu amenewo, ndipo n'chifukwa chake anawawa. Mayi atelala anapuma mpweya wautali, anaomba m'manja pang'ono, nati akawauza eni nyumba kuti mwezi ukatha achoka. Anapangana zodzasainirana Loweruka.

Atangotuluka, amayi anatulukira kukhitchini ndi mbale yonyowa m'manja. Anali atamva zonse.

"Mwana sanazizire n'komwe m'manda, inu mwayamba kale kumuchititsa umboni wabodza."

"Bodza lili pati, amayi?" anatero Madilu. "Ndalemba ine pepalali? Ndasintha kanthu?"

"Anali atatu."

"Eya, anali atatu, ndipo mwini wake yemwe sankadziwa kuti loona ndi liti. Si uja ankangoti mwina, mwina? Ine ndasankha limodzi. Tamverani, amayi. Chipatala chatidya mpaka mafupa. Malemu wasiya mwana kusekondale, temu ikubwerayi akalowa m'kalasi ndi chiyani? Ndi mapu? Madzi akewo akamadzabwera, tonse tili pano tidzakhala titagona kale."

"Ana a atelala adzakhala atagonanso?"

Madilu anatola makiyi ake n'kutuluka. Sanali mwana woipa. Ndi iye anathamangathamanga za bokosi, za galimoto, za mipando, osagona, osadya. Bambo ankadziwa zimenezo, ndipo ankazigwiritsa ngati ndodo yotsamira.

"Inu ndiye simunena kanthu?" anatero amayi.

"Ndinene chiyani? Mdzukulu asiye sukulu?"

"Ine sindinaphunzire, abambo. Koma amati mawu a akulu amakoma akagonera. A ana kaya amakoma liti. Kapena mpaka titawaika m'manda."

Anabwerera kukhitchini. Bambo anatsala ndi pepala lija, ndi timawaya tomwe Madilu anatiunjika m'sosala.

Nkhani ya poloti inali bala lakale. Bambo anayendetsa mabasi moyo wawo wonse, ndipo atapuma anagula malowo ndi ndalama zopumira, kumunsi kwa tauni, kufupi ndi mtsinje. Anayamba kumanga. Simenti ankagula ndi Namwina. Makoma atapitirira mawindo, tsiku lina mwana uja anabwera ndi mapu akewo, nawayala patebulo lomweli, kwina kupanikiza ndi botolo la mchere, kwina ndi shuga. Anafotokoza, anafotokoza. Bambo anangomva chimodzi: musamange.

Zomwe anamuyankha tsiku limenelo ankazikumbukira liwu ndi liwu. "Za mvula ya mawa umati mwina. Lero wasanduka mneneri wa zaka makumimakumi? Ndinakulipirira sukulu kuti uzidzandiopseza ndi mapepala m'nyumba mwanga?" Namwina sanalire. Anakulunga mapu ake, anawaika pamwamba pa kabati, nati, "Ali apa, bambo, mukadzawafuna." Kuyambira pomwepo simenti anasiya kugula. Kumanga kunaima, osati poti bambo anakhulupirira ayi, koma poti thumba linauma. Ndipo anzawo akale a kudepoti akawafunsa kuti nyumba ija yaima bwanji, ankati, "Ana a masiku ano akaphunzira amaumira." Kupolotiko sanapondekonso. Namwina atadwala n'kubwerera pakhomo kudzasamalidwa, nkhaniyi sanaiyambenso, iye kapena iwo. Ankamufunditsa bulangete, ankamutengera madzi, koma pakamwa pawo panali potseka.

Mawa lake masana kunabwera mlendo, mayi wa magalasi, mnzake wa Namwina wa ku ofesi. Ananyamula katoni. Munali juzi yomwe malemu ankasiya pampando, kapu yothyoka chogwirira, nsapato zafulati zomwe ankavala akavula zazitali, ndi kapilo kakang'ono kotsamira msana. Amayi ataona nsapato zija analowa kuchipinda. Bambo anatsala ndi mlendo, tiyi ali patebulo. Pepala lija anali atalichotsa, koma sosala ya timawaya inali pomwepo. Anaikokera pafupi n'kuiphimba ndi chikhatho.

Anacheza za maliro, za anthu omwe anabwera. Kenako bambo anakhosomola.

"Mwana wanga, undikhululukire. Zaka zonsezi sindinamvetse kuti mnzakoyu ankagwira chiyani kwenikweni. Anthu akandifunsa ndinkangoti ndi wa zanyengo, n'kusintha nkhani."

Mayi wa magalasi anamwetulira.

"Si inu nokha, bambo. Amayi anga mpaka lero amandiimbira kufunsa ngati aanike zovala. Nkhani yake ili chonchi. Dziko lonse likunka litentha, chifukwa cha utsi wa mafakitale, wa magetsi, wa magalimoto."

"Ndi wa mabasi anga omwe."

"Anu omwe, koma pang'ono," anaseka. "Tsono palibe akudziwa kuti anthu adzachepetsa liti utsiwo. Ndiye ife sitinena kuti kudzakhala chakuti. Timatenga zomwe makompyuta akuluakulu awerengera, n'kukonza manambala a mvula ndi kutentha a dera lililonse: dziko likatentha ndi digiri imodzi ndi theka zidzakhala motere, likafika madigiri awiri motere, atatu motere. Manambalawo timawapereka kwa ena. A zaulimi amaonerapo mbewu, a zaumoyo amaonerapo udzudzu, omanga milatho amaonerapo madzi. Mnzathuyu ndiye anali mwini mvula. Mapu a dera lanu lino anapanga iye mwini, pa nthawi yake yopuma, ndi mnyamata wathu wa zamitsinje."

"Ndiye pa atatuwo, loona ndi liti?"

"Funso limenelo aliyense amafunsa. Iye ankayankha ndi basi yanu."

"Basi yanga?"

"Eya. Ankati, mukawafunsa bambo anga kuti mukaponda buleki basi ikaima pati, sangakuyankheni. Ayamba akufunsani kuti ikuthamanga bwanji. Pa liwiro laling'ono iima apa, pa lalikulu ikaima uko, kupitirira pomwe pali mwana wodutsa msewu. Mayankho onse ndi oona. Chosadziwika ndi phazi la dalaivala."

Bambo anayang'ana pansi. Zaka zonse zija ankaganiza kuti mwanayo ntchito yawo ankaiona ngati ya anthu osaphunzira.

"Nanga pano basiyo ili pa liwiro lanji?"

Mayi uja anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya bulauzi.

"Loyambalo tafika kale pakhomo pake, bambo. Ndipo phazi likadali pamoto. Pepala loyamba lija ndi la dziko lomwe anthu amvera msanga. Munthu womanga nyumba yoti akuliremo ana sangadalire limenelo lokha. N'chifukwa chake mnzathuyu anali ndi lamulo lake: pepala limodzi silituluka lokha. Sitepula ya mu ofesi inkathera iye. Tsiku lina kunabwera bwana wina womanga nyumba zogulitsa, akufuna loyamba lokha kuti akaonetse ogula. Anthu tonse tinkanjenjemera, munthu wake wamkulu. Iye anangoti, mutenge onse atatu kapena musatenge kanthu. Bwana uja anatuluka akutukwana. Ife tikumufunsa kuti mtima umenewu unautenga kuti, anati, bambo anga anatsitsapo anthu odzaza basi pakati pa ulendo chifukwa buleki sankaikhulupirira, anthu akuwatukwana, abwana akuwaopseza. Ankakunyadirani, bambo."

Timawaya tija tinkawabaya bambo m'chikhatho. Sanachotse dzanja. Mlendo atatsanzika anamuperekeza ndi mawu okha, osaimirira, ngati munthu wodwala miyendo.

Lachisanu m'mawa anadzuka n'kumva fungo la simbi yotentha. Amayi anali atayala bulangete patebulo. Anali atasolola mapepala awiri aja kuseri kwa kabati, atawapukuta fumbi ndi ukonde wa akangaude, ndipo ankawasita, atayala kansalu pamwamba kuti asapse. Sanawapatse moni amuna awo. Anangosita, ngodya ndi ngodya, monga ankasitira yunifomu ya mwanayo ali wamng'ono.

Bambo anaima n'kuyang'ana. Aka kanali koyamba kuwayang'anadi. Pa pepala lachiwiri buluu anali atadutsa mabango, atalowa m'bwalo lofiira lija mpaka kulidzaza. Pa lachitatu bwalolo linali pakati pa buluu woderapo, ngati mphete yogwera m'chitsime.

Madilu analowa akutafuna, foni ili m'manja. Anaima.

"Amayi, mukutani?"

"Ndikusita."

"Bambo, musandiuze kuti... Kusainirana ndi mawa lomweli! Mayi aja awauza kale eni nyumba. Mukufuna mundichititse manyazi tauni yonse? Ndani adzandikhulupirirenso ine?"

"Manyazi alipo kale, mwana wanga," anatero bambo. "Tangowafunditsa nsalu."

"Chabwino. Ndiye fizi ya mwana muipeza kuti? Mubwerera kudepoti ndi maso anuwo? Inu mukudziwa kuti polotiyo ikadziwika mbiri yake palibe adzaigule, ngakhale yaulere? Ndalama zanu zonse zopumira zili m'makoma amenewo!"

"Ndikudziwa."

"Malemu anali ndi salale, ankatha kukhala woyera mtima. Ife tilibe. Chilungamo chimafuna munthu wokhuta, bambo."

Bambo anadziwa kuti mbali ina mwanayo ankanena zoona. Anangotenga mapepala atatu aja, awiriwo akadali ofunda, n'kuwasanjikiza. Sitepula pakhomopo panalibe. Amayi anachotsa mapini awiri pa duku lawo n'kuwapatsa.

"Mukatuluka nawo pakhomo pano, ine za mwana uja musadzandifunsenso," anatero Madilu. Maso ake anali ofiira. "Ndathamanga ndekha mwezi wonse. Ndekha! Lero woipa ndine."

"Sindiwe woipa. Pepala ndinagwira ndine."

Bambo anavala chipewa n'kutuluka.

Shopu ya mayi atelala inali kachipinda kamodzi, mashini awiri, nsalu zolendewera pachingwe, ndi tizidutswa pansi ponse. Kukhoma kunali makatoni omangamanga kale. Anali atayamba kulongedza katundu wa kunyumba n'kumasungira kuno.

"Bambo! Mwalawira bwanji, si mawa kodi? Khalani apa, pepani fumbi."

"Sindikhala, mayi. Ndichotsereni patebulo lodulirapo."

Anayala mapu aja. Anafotokoza mmene anathera, mawu akuthawathawa: za dziko lotentha, za nambala ija yomwe si nambala ya pepala, za basi ndi buleki. Anatsegula loyamba, kenako lachiwiri, kenako lachitatu. Anati madziwo si a chaka chilichonse, ndi a chigumula chachikulu, ndipo palibe angalonjeze kuti chidzabwera liti. Mayi atelala ankamvetsera, lumo lili m'manja.

"Tsiku lija anali atatu?"

"Anali atatu."

"Enawa anali kuti?"

"Kuseri kwa kabati."

"Ndipo inu mumadziwa."

"Ndimadziwa."

Anaika lumo pansi pang'onopang'ono.

"Ine ndinakufunsani inu, bambo. Mwana wanu sindinamufunse, ndimawadziwa amalonda. Ndinayang'ana imvi zanuzo. Ndinapita kwa eni nyumba tsiku lomwelo, pano apeza kale wina wolowa. Mwezi ukatha ndilowera kuti ndi ana? Tigone mushopu muno, pansi pa mashini?"

Bambo anavula chipewa. Anthu odutsa mumsewu ankasuzumira. Mtsikana wina wodzatenga diresi anaima pakhomo n'kubwerera.

"Ndilibe chonena, mayi. Nditukwaneni."

"Kukutukwanani kundipatsa nyumba?"

Anakhala pampando wa mashini, anayang'ana pepala lachiwiri nthawi yaitali. Kenako anakweza mutu.

"Thu ndi fili. Manambala awa ndinawaonapo. Ali pakhoma."

"Khoma liti?"

"La nyumba yanu, kumbuyo, mbali ya kumtsinje. Pali mizere iwiri ya penti. Achimwene aja anati ndi zizindikiro za amisiri, poika mawindo. Inu simukuidziwa?"

"Sindinapiteko zaka."

Mayi atelala anaimirira, anatseka shopu ndi loko.

"Tiyeni. Pepala landinamiza kale kamodzi. Ndikaone ndi maso."

Anayenda, mayi patsogolo, bambo pambuyo ndi mapu kukhwapa. Msewu unkatsetsereka. Bambo anali ataiwala kuti unkatsetsereka chonchi, kapena kale sankafuna kuona. Anadutsa nyumba zomaliza, anadutsa pomwe anthu amataya zinyalala, mpaka anafika. Makoma anali chiimire, opanda denga, udzu utamera m'zipinda. M'chipinda chomwe chikanakhala chawo munali kamtengo kotalika kuposa munthu.

Anazungulira kumbuyo. Mizere inalipodi, ya penti ya buluu, yowongoka bwino, kuchokera pakona mpaka pawindo. Wam'munsi unali ndi 2 pambali pake. Wapamwamba unali ndi 3, ndipo unali pamwamba pa chipewa cha bambo.

Mayi atelala anachotsa tepi m'khosi. Anaponda nsonga yake ndi chala cha kuphazi, anaikoka mpaka pa mzere wam'munsi, n'kutsina pamenepo ndi chikhadabo. Anayang'ana nambala. Kenako anatsitsa chikhadabo pang'ono.

"Chitsirizira wanga amalekeza apa. Ndamuyeza sabata yatha pomusokera yunifomu." Anakweza tepi kuloza mzere wapamwamba, koma dzanja silinafike. Anaisiya igwe. "Uwo ndiye ngakhale ine."

Anakulunga tepi kuzungulira zala.

"Sindigula, bambo."

"Ndamva, mayi."

"Ndipo wina akandifunsa, ndimuuza."

"Muwauze."

Anayamba kuchoka, koma atafika pakona anaima.

"Chinthu chimodzi. Ine kuno ndinabwera kawiri. Koyamba ndi pamene achimwene anangoyamba kutsatsa malowa, ndipo khomali linali loyera, ndinalizungulira lonse. Nditabweranso, mwezi usanathe, ndiye ndinapeza mizereyi, penti ikununkha. Kaya analemba ndani."

Anapita. Bambo anamva mapazi ake akukwera mtunda mpaka anazimirira.

Anatsala okha ndi phokoso la mtsinje kuseri kwa mabango. Anawerengera m'mutu. Pamene Madilu ankayamba kutsatsa poloti, Namwina anali kale pakhomo, akuyenda chogwira makoma, kapu ya madzi ikumulemera. Nkhani ya kugulitsa ankaikamba motsitsa mawu pabalaza, poganiza kuti wodwala ali mtulo. Ndipo panali tsiku lina lomwe ananena kuti akupita kuchipatala yekha, asamuperekeze, n'kubwera madzulo atatheratu, osatha ngakhale kuvula nsapato. Iwo anamukalipira kuti n'chifukwa chiyani sanakwere galimoto.

Anayang'ananso mzere wapamwamba uja. Mwanayo anali wamfupi, ankawalekeza paphewa. Anafikako bwanji?

Anapatula udzu ndi phazi m'munsi mwa khoma. Panali njerwa zitatu zosanjikizana. Pa yapamwamba panali madontho a buluu, ndipo pakati pa madonthowo panatsala malo awiri oyera, aang'ono, pomwe panaponda nsapato. Chapatsogolo pang'ono udzu unali wogonagona, pomwe ankakokera njerwazo kuti apitirize mzere.

Bambo anaika mapu pansi. Anagwada movutikira, maondo akulira. Njerwa yapamwamba inali itapendekeka, mbali imodzi ili lende. Anaigwira ndi manja awiri, anaikankhira pakati, n'kuiyesa ndi chikhatho kuti aone ngati yakhazikika.